Nthiti Yachisanu ndi Chimodzi

Kabaza anandigwetsa pa Kamwendo tsiku la msika,
thumba la mtedza lili pamiyendo.
Bondo linapola bwino.
Mphuno inapola yophwatalala
ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe.
Zaka zitatu ndikupumira m'kamwa,
kudzuka kukhosi kuli gwa,
ogula akundiyang'ana kawiri
kenako n'kuyang'ana sikelo mwaulemu.

Soya wa chaka chino anagulika.
Eneresi, msuweni wanga, anandikankhira foni:
"Taona uyu wa kutsidya kwa malire,
uku asanakonze, uku atakonza."
Nkhope makumi awiri, mphuno imodzimodzi,
njerwa za chikombole chimodzi.

Ndinapitabe.
Chipinda chake chinali pamwamba pa shopu ya matayala.
Anatsegula kabokosi, timasilikoni toyera
tondandalikidwa ngati ndolo zamalonda.
"Sankhani, mayi. Pofika Lachisanu mwasanduka wina."
Ndinati, kakasuntha, kakachita mafinya,
ndidzakupezani kuti?
Anaseka.
Ndinati, ogonetsa odwala ndani?
"Ine ndemwe."
Chikalata chake chinali pamwamba kwambiri pakhoma,
galasi lake lili mbuu ndi fumbi.
Mphuno yanga sanaikhudze n'komwe.
Maso ake anali pa mfundo ya chitenje changa.

Wachiwiri anandilozera ndi namwino wa pa Boma,
mayi Chiwaula, amene anandisoka tsiku lija.
Dokotala Kamtsitsi, wa imvi, wosafulumira,
anandiunika mkati ndi katochi,
anadina, anatsina khungu, anandiuza ndipume,
mbali iyi, tsopano mbali iyo.
Kenako anakhala pansi.

"Silikoni ndi mlendo," anatero.
"Ena amakhala naye mpaka ukalamba.
Koma khungu lanu lapyapyala pa chipserapa,
mlendo angaboole denga patapita zaka.
Chichereŵechereŵe cha khutu n'chanu,
koma n'chochepa, n'chopinda,
sichinganyamule mlatho wogumuka chonchi.
Cha nthiti n'cholimba.
Chimasiya bala lachiwiri pansi pa bere,
mudzamva kuwawa pokhosomola,
ndipo nthawi zina chimakhota
ngati thabwa locheka mtengo uli wauwisi."

Palibe chimene anandigulitsa.
Analemba nambala yake ya kaundula pakapepala:
"Kafunseni ku bungwe la madokotala ngati ndilimo.
Mundifunsenso kuti ndakonza angati,
ndi angati amene anabwerera akudandaula."
Ndinafunsa.
Anatchula nambala zonse ziwiri osaphethira.

Apa m'pamene ndinatulutsa chiphaso cha malemu bambo,
cha ku esiteti ya fodya, chothetheka m'mbali.
Mphuno yotambalala, yokhazikika,
ya munthu wonunkhiza mvula isanafike ku Mkanda.
Ndinati, sindikufuna ya pafoni ija.
Ndikufuna iyi. Inali yanga.
Anachiyang'ana nthawi yaitali.
"Ndiyandikira," anatero. "Kufika penipeni sindilonjeza.
Pitani mukaganize miyezi iwiri."

Miyezi iwiri yatha dzulo.
Eneresi akuti ndalama zonsezo
bwenzi nditagula malata makumi atatu,
ndipo sakunama.
Komabe walongedza beseni, sopo, mabulangete awiri,
akuti odwala sapita yekha.

Usiku uno ndagona chagada,
zala zikutsika pachifuwa, kuwerenga:
yoyamba, yachiwiri, yachitatu,
monga ankayendera bambo m'bulugamu wathu
kugogoda mtengo uliwonse asanasankhe wa denga.
Yachisanu ndi chimodzi ndaipeza.
Ikukwera, ikutsika, sikudziwa kanthu.

Mantha ndili nawo, sindibisa.
Minibasi yoyamba imaliza hutala tambala asanatsike.
Ndatseka pakamwa kuyesa kupuma,
kamphepo kakudutsa mbali imodzi yokha,
kowonda ngati ulusi,
kakununkhira mtedza umene tayanika pakhonde.